Kabuku ka Malemu Laurenti

Kalata yoyamba inabwera mwaulemu, mu envelopu yoyera, ndipo palibe amene anaiyang'ana kawiri. Yachiwiri ndi imene inamuvula Salome Mulepa pamaso pa mpingo wonse. Inali ndi kazenera koonetsa dzina, ndi mzere wofiira wonenepa bwino, woti ngakhale munthu amene sanapondeko kusukulu akanadziwa kuti mmenemo mulibe moni.

Chaka chimenecho cha 1996, anthu ambiri ku Zingwangwa analibe bokosi lawolawo ku positi. Apantchito ankalandirira makalata kuntchito, ndipo otsala onse ankalemba bokosi la tchalitchi. Lamulungu lililonse mapemphero akatha, mlembi wa mpingo ankaimirira kutsogolo ndi mtolo wa makalata n'kumaitana mayina. Mlembi wake analinso munthu wokonda ntchito yake mopyola muyeso. Kalata aikweze m'mwamba, aitembenuze, aone sitampa, kenako ndiye aitane mwini wake.

"Mayi Salome Mulepa! Yochokera ku Limbe. Iyi ndiye ikuoneka yachangu, alembapo zofiira."

Anthu sanaseke, ndipo bola akanaseka. Salome anadzuka pakati pa amayi anzake, nayenda kanjira konse ka pakati, nsapato zake zikulira pasimenti ngati kuti m'tchalitchimo muli iye yekha. Analandira kalatayo ndi manja awiri, naipinda katatu, naitsekera m'buku la nyimbo. Pobwerera kumpando ankamva maso a anthu pamsana.

Anakaiwerengera kunyumba, chitseko atatseka. Chingerezi chake chinathera Sitandade 8, koma manambala safuna sukulu yambiri. Sitolo ya mipando ya ku Limbe, kumene anatenga makina ake osokera pangongole, inkanena kuti pa miyezi khumi ndi isanu ndi itatu iye anangolipira inayi. Patsala K2,800. Akapanda kulipira, abwera ndi galimoto kudzatenga makinawo.

Salome anakhala pansi, pambali pa makina omwewo. Ngongoleyo anaimaliza mwezi wa February, mpaka tambala yotsiriza. Ankakumbukira bwino chifukwa tsiku lomelo anagula nyama ya mbuzi theka la kilo, iye ndi mwana wake Alinane n'kudya ngati ndi Khirisimasi.

Makinawo ndiwo anali munda wake. Chimwalirireni amuna ake, chilichonse cholowa m'nyumbamo chinkadutsa pansi pa singano imeneyo: lendi, ufa, makala, sopo. Ankasoka madiresi a zitenje, ankachepetsa majekete a kaunjika amene anasokedwera azungu amapewa ngati chitseko, ndipo chibwerereni matipate ankadulanso mathalauzi a atsikana, ngakhale ankachita zimenezo milomo ataikweza. Kumuchotsera makinawo kunali kumuuza kuti anyamule mwana abwerere kwawo ku Phalombe.

Tsono inu mufunsa kuti, ngati analipira, malisiti ali kuti? Wofunsa chonchoyo sanawadziwe a Laurenti Muhiwa.

A Laurenti anali mkulu wa mpingo, komanso ankagwira ntchito m'sitolo yomweyo ya ku Limbe. Amuna a Salome atamwalira, ndi iwo amene anathamanga kukapeza lole, ndi iwo anakambirana ndi wokhoma bokosi, ndipo anaperekeza maliro mpaka ku Phalombe n'kugona panja masiku awiri. Patatha chaka, ndi iwonso anamuuza kuti, "Mayi, musamangolira. Manja muli nawo. Bwerani kusitolo, ndikakusainirani." Ndipo pofuna kumupulumutsa ku ndalama ya minibasi ya mwezi ndi mwezi, anati azingowapatsa iwo Lamulungu, akazipereka okha Lolemba.

Zinkatero. Akatuluka m'tchalitchi, Salome ankawapeza pansi pa mtengo wa jakaranda, K200 ataipinda ting'onoting'ono m'dzanja, n'kuipereka ngati akupereka moni, chifukwa pabwalo la Mulungu ndalama sawerengera poyera. A Laurenti ankatulutsa kabuku kobiriwira m'thumba la jekete, n'kulemba tsiku ndi ndalama, n'kumuonetsa. Miyezi inayi yoyamba ankabwera ndi timalisiti tachikasu. Mwezi wachisanu anati buku la malisiti latha. Wachisanu ndi chimodzi anati aiwala mu desiki. Kenako sanatchulenso, ndipo Salome sanafunse. Tsiku lina anatsegula pakamwa ndithu, koma atayang'ana manja amene ananyamula bokosi la amuna ake, mawu amene anatuluka anali akuti, "Mukawapatse moni mayi kunyumba."

A Laurenti anadwala nthawi yaitali, matenda aja amene anthu ankangowatchula ndi maso. Anamwalira mwezi wa April. Salome anaphika nawo pamaliro masiku atatu, nagona pamphasa imodzi ndi Monika, mkazi wa malemuyo, amene anali mnzake wa pamtima. Makalata anayamba mu June.

Makalata okha bwenzi zili bwino. Panalinso foni.

Pa fomu ya ngongole panali mzere wofunsa nambala ya foni, ndipo Salome, pofuna kuoneka munthu, analembapo nambala ya golosale ya Che Habibu, tsidya la msewu. M'dera lonselo foni inali yomweyo, yakuda, yokhala pakauntala pakati pa buledi ndi sopo, kagudumu ka manambala katakhomedwa ndi kaloko. Che Habibu anali munthu wabwino, koma mawu awo sanalengedwere zinsinsi.

"Amake Alinaneee! Foni! Aja a ku Limbe aja!"

Anaitana ataima pakhonde, dzuwa lili pamutu, anthu ali piringupiringu. Salome anawoloka msewu tepi yoyezera idakali m'khosi. M'golosalemo munali amayi atatu odikira parafini, ndipo onse anapeza mwadzidzidzi kuti sakufulumira.

"Halo?"

"Mayi Mulepa? Ndine Ramsey, ku maakaunti. Madamu, kalata yathu mwailandira?"

"Ndailandira, bambo. Koma ine ndinamaliza."

"Mwati chani? Layini ikuvuta, kwezani mawu."

Salome anatembenukira kukhoma la mabotolo a mafuta ophikira. "Ndati ndinamaliza kupereka!"

Che Habibu anachepetsa wailesi.

"Okhe, palibe vuto," anatero Ramsey, mawu ake osalala ngati a wowerenga nkhani. "Mungobwera ndi malisiti, titseke fayilo."

"Ndili ndi anayi."

"Anayiwo nafenso tikuwaona. Nanga enawo? Munkapereka kwa ndani?"

Salome anacheuka. Mmodzi mwa amayi a parafini aja ankapita kumpopi umodzi ndi Monika. Munthu unganene bwanji, pakati pa buledi ndi sopo, kuti mkulu wa mpingo amene dothi la pamanda ake silinaume anadya ndalama za mkazi wamasiye?

"Kwa munthu wanu," anayankha motsitsa.

"Munthu wathu alibe dzina? Madamu, tisatayane nthawi. Aliyense amene ndamuimbira lero akuti anamaliza. Ndikupatsani mpaka pa sate, kutha kwa mwezi."

Foni inadulidwa. Salome anakhalabe ataigwira kukhutu, akugwedeza mutu ngati akumva zina zabwino, nati, "Chabwino bambo, zikomo," kwa munthu amene anali atachoka kale. Anatuluka osayang'ana aliyense.

Ramsey ankaimba Lachiwiri ndi Lachisanu, osaphonya. Pofika sabata yachitatu, Che Habibu anasiya kufuula dzina la Limbe, n'kumangoti "Amake Alinane, ijayi!" ndipo zimenezo zinali zoipa kuposa poyamba. Chifundo cha anthu chimayabwa kuposa chipongwe chawo. Wina amene anasiya chitenje chake kuti asokeredwe diresi anabwera kudzachitenga chosadula, akuti wasintha maganizo pa sitayilo. Salome anadziwa kuti mayiyo akuopa kuti galimoto ikabwera idzakokera limodzi ndi nsalu yake.

Chimene chinamupweteka kwambiri chinachitika Lachinayi, pamapemphero a amayi. Kwa zaka zitatu Salome ndiye ankasunga kathumba ka chipepeso, ndalama zimene amayi ankasonkha kuti zizithandiza pamaliro. Atatha kuimba, Mayi Mirriam, wapampando, anakonza duku lawo nalankhula mokoma ngati uchi.

"Amayi anzanga, mnzathuyu watumikira nthawi yaitali. Ali ndi zambiri zomuzungulira masiku ano. Bwanji timupumuze katunduyu, mtima wake upepukeko?"

Onse anavomera ndi "eee" wa pansipansi. Salome anamasula kathumbako pachiuno, nakapereka, ndipo Mayi Mirriam anawerenga ndalamazo pomwepo, kawiri. Zinakwana ndendende. Monika anali pakona atavala zakuda zake, maso ali pamphasa.

Pobwerera kunyumba Salome analira, kulira kwa ukali kosatulutsa mawu. Sanabepo ngakhale ulusi wa munthu. Umboni wake unalipo, ankaudziwa mtundu wake ndi kukula kwake, koma unali m'nyumba ya mnzake wamasiye. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Anapita wapansi ku Nkolokosa, kumene Monika ankachita lendi, atanyamula paketi ya shuga. Anacheza za mvula ndi za mtengo wa makala, nabwerera. Patatha masiku atatu anapitanso ndi shuga wina, nakamba za chifuwa cha Alinane. Ulendo wachitatu anapeza Monika akusankha nyemba pakhonde, ndipo asanakhale n'komwe bwinobwino, Monika anaika lichero pansi.

"Achemwali, shuga wanu watikwana. Nenani chimene mukuyendera."

Salome anayang'ana zala za kumapazi kwake. Nkhope inamutentha ngati wakuba ndi iyeyo. "Ndi nkhani ya makina ija. Abambo ankalemba m'kabuku kena kake."

Monika sanafunse kuti kabuku kanji. Analowa m'nyumba, ndipo Salome anamva chitseko cha wadulopu chikulira. Anatuluka ndi kabuku kobiriwira kaja, m'mbali mwake mutada ndi thukuta la m'manja.

"Ndinakapeza m'jekete pochapa zovala zawo," anatero Monika. "Ndinatsegula kamodzi, ndinatseka. Kuyambira tsiku limenelo, mlembi akamaitana dzina lanu m'tchalitchi muja, ine ndimafuna nthaka itang'ambika." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Majakisoni aja, achemwali. Kuchipatala cholipira kuja tinkapita sabata ndi sabata. Ine ndinkayesa ndi kuntchito akuwathandiza. Ankati akachira abweza."

"Sindinabwere kudzawaweruza. Anandichitira zambiri."

"Ndikudziwa. Tsamba lanu lilimo, miyezi yonse. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Akaone tsamba lanu lokha. Ndalama za abambo za kuntchito akuti zituluka mwezi wa mawa. Ndi zimene tikudikira pa lendi, ndi pa fizi ya Tithokoze, mwana wafika Fomu 3 uyu. Ngati n'kotheka, ng'ambani tsambalo, kabukuko kasiyeni."

Salome anakagwira kabukuko. Kung'amba zolemba za munthu wakufa, pamaso pa mkazi wake, pakhonde pake, manja ake anakana. Chimenecho chinali chifukwa choyamba, ndipo n'chimene ananena: "Ayi, ndingakang'ambe bwanji? Ndikabweza mawa chonchi, kali kathunthu." Koma panali chifukwa chachiwiri chimene sanachitchule, ndipo tisamubisire. Dzina la a Laurenti ndi chidindo cha sitolo zinali pachikuto. Tsamba long'ambika, Ramsey akanati walemba yekha kunyumba.

M'mawa mwake, mu minibasi ya ku Limbe, atapanikizika pakati pa dengu la tomato ndi bambo wina wogona, anatsegula kabukuko. Tsamba lake linali lachitatu. Panali dzina lake, ndi mizere khumi ndi isanu ndi itatu ya manambala opendekera, ndipo pansi pake a Laurenti analemba kuti "wamaliza," n'kudula mzere. Akanalekera pomwepo, koma chala chinatembenuza tsamba lina.

Munali mayina khumi ndi limodzi, onse a mumpingo. Wa wailesi, wa matiresi, wa njinga. Tsamba lachisanu ndi chiwiri linali la Mayi Mirriam, mipando ya pabalaza, ndipo malisiti awo anathera mwezi wachiwiri. Ndiye kuti nawonso makalata ofiira ankawalandira, kungoti awo ankapita kuntchito kwa amuna awo, kumene kulibe mlembi wokweza kalata m'mwamba. Anthu khumi, aliyense atakhalira kalata yake chete, n'kumamuyang'ana iye akuyenda kanjira ka pakati kaja. Salome anamva kukoma kwina kwake kukukwera pachifuwa, kukoma koipa, ndipo anatseka kabukuko msanga.

Ofesi ya maakaunti inali kuseri kwa sitolo, kudutsa mabedi ndi mawadulopu. Ramsey amene ankamuopa milungu isanu ndi umodzi uja anali kamnyamata koonda, tayi yake yaikulu kuposa chifuwa, akudya chimanga chootcha pamwamba pa mafayilo. Ataona mayi wamkulu anabisa chimangacho mu dirowa n'kuimirira.

"Mayi Mulepa? Khalani, madamu. Mwabwera ndi kangachepe?"

"Ndabwera ndi umboni."

Anatsegula kabukuko patsamba lachitatu, nakaika padesiki, chala chachikulu chitapanikiza masamba otsalawo. Ramsey anawerama, nawerenga, nayang'ana pachikuto.

"Iyi ndi handi ya a Muhiwa," anatero. "Tandipatsani ndione bwino."

"Tsamba lake ndi lomweli, bambo."

"Ee, ndaona. Ndingofuna ndiyerekeze ndi makadi athu."

Anakoka pang'ono. Salome akanatha kukanira. Koma mayi wa mpingo salimbirana kabuku ndi munthu wa mu ofesi ngati ana olimbirana mango, ndipo moyo wake wonse anaphunzitsidwa kuti munthu wa kuseri kwa desiki akatambasula dzanja, umapereka. Chala chinachoka chokha.

Ramsey anatembenuza tsamba, natembenuza lina, naimba kamluzu. Anatsegula dirowa ina n'kutulutsa mtolo wa makadi omangidwa ndi labala, nayamba kuwayala padesiki limodzilimodzi, akuyang'ana m'kabuku.

"Ndiye chifukwa chake! Makadi onsewa tinawapeza mu desiki mwawo atamwalira. Tinkadabwa kuti anthu a dera limodzi angaleke kulipira onse pamodzi bwanji. Dikirani, ndiitane bwana."

"Bambo, kabukuko n'kamwini. Ndalonjeza kukabweza lero."

"Mwini wake anali wantchito wathu, madamu. Katsala konkuno."

Bwana anabwera, mkulu wa magalasi, nawerenga ataimirira. Sanakalipe. Anauza Ramsey kuti alembe kalata yoti akaunti ya Mayi Mulepa yatsekedwa, naisaina yekha, naidinda. Anaitanitsanso tiyi wamkaka ndi sikono, ndipo Salome, amene ankayembekeza kutukwanidwa, anapezeka atagwira kapu pa sosala.

"Mwatithandiza kwambiri, mayi," anatero bwanayo. "Anthu oona mtima ngati inu ndi osowa."

Salome anaika kapuyo pansi. "Nanga ndalama za malemu, zimene mayi akunyumba akudikira?"

Bwana anayang'ana Ramsey, ndipo Ramsey anayang'ana makadi.

"Zimenezo zilowa m'maakaunti a anthu awa," anatero bwanayo. "Kunena zoona, sindikudziwa ngati zikwane n'komwe."

Anatuluka kalata ili m'manja, nadutsa pakati pa mabedi aja osawaona. Makina anali ake tsopano, palibe wodzawakhudza. Anaima pasiteji nthawi yaitali, maminibasi a ku Zingwangwa akudzaza n'kumapita, makondakitala akumukoka mkono, iye osakwera. Atakwera, sanatsikire ku Nkolokosa. Anadziuza kuti kwada, apita mawa, ngakhale dzuwa linali lisanapendeke. Mawa lake anadziuza kuti ayambe wamaliza diresi la ukwati la mwana wa eni nyumba.

Nkhani siyenda ndi minibasi koma imafika msanga. Pasanathe sabata, anthu khumi aja analandira makalata oti ngongole zawo zatha, ndipo pomwepo pakamwa pawo panatseguka. Amene anakhala chete miyezi itatu ndi amene ankafotokoza bwino tsopano mmene ankawakayikira a Laurenti kuyambira kale. Wina anati ankaona kayendedwe kawo. Wina anati nsapato zija sizinali za malipiro a m'sitolo. Mayi Mirriam anabwera okha kunyumba kwa Salome ndi kathumba ka chipepeso, ndi nsalu ziwiri zoti asokeredwe.

"Mwatiwombola, mayi," ananong'oneza. "Ine abambo kunyumba anatsala pang'ono kundithamangitsa. Ankati ndalamazo ndinkadyera ku chiperegani."

Salome analandira kathumbako chifukwa sanadziwe kuti akane bwanji. Ntchito inabwerera, inachuluka kuposa kale. Che Habibu anamupatsa buledi waulere, akuti wa chikondwerero. Aliyense ankamupatsa moni mokweza, ndipo moni uliwonse unkamulasa. Kale ankachita manyazi ndi chinthu chimene sanachite, ndipo usiku ankagona tulo. Tsopano tulo tinkavuta.

Monika analeka kubwera kutchalitchi. Salome akafuna kupita kumsika ankazungulira njira ya kumtunda, yaitali, kuti asadutse pafupi ndi Nkolokosa. Kawiri konse anamanga K300 pakansalu kuti akapereke, ndipo kawiri konse anakafika pamlatho n'kubwerera. Akanakayamba ndi mawu ati? Kuti pepani? Kuti chala chinaterereka?

Linali Lachitatu m'mawa, kumapeto kwa September, pamene mthunzi unagwera pa nsalu imene ankasoka. Anakweza maso. Monika anali pakhomo, zakuda zake zikumukhuthukira m'mapewa, kajumbo kali m'manja.

"Odi, achemwali."

Salome anadzuka mofulumira mpaka sizasi inagwa. "Lowani, lowani. Nawu mpando."

"Ayi, ndiima pompano. Sindikhalitsa, kunyumba tikumanga katundu. Lole ibwera Loweruka, tikupita kwathu ku Thyolo."

Anatulutsa m'jumbomo siketi yotuwa ya sukulu ya sekondale ndi malaya ake oyera, zochapa bwino, zosita.

"Ndimati mundichepetsereko izi. Azikavala wamng'ono uja, Ida, ku pulayimale kumudziko. Mkulu wakeyo sakuzifunanso." Anapereka kachingwe komanga mfundo ziwiri. "Muyezo wake ndi uwu. Mfundo iyi ndi m'chiuno, iyi ndi kutalika."

Salome analandira zovalazo. Mkati mwa kolala munali dzina la Tithokoze, lolembedwa ndi ulusi wofiira, ndipo amene analisoka dzinalo, zaka ziwiri zapitazo, anali iye mwini.

"Achemwali," anayamba, "tsiku lija ku Limbe, ine ndinagwira ndithu tsamba langa lokha, koma mnyamata uja..."

"Ndinamva," anatero Monika. Sananene mwaukali. "Munalipira, achemwali. Makinawo ndi anu. Ndi zingati kuchepetsa?"

"Iii, musatero. Inu ndingakulipiritseni?"

"Nenani mtengo."

"Chonde, achemwali, ndisiyeni ndikuchitireni kanthu kamodzi kokha."

Monika anamasula mfundo ya pachitenje, natulutsa ndalama zachitsulo ndi kapepala kamodzi kofota. "Anzanu onse mumawatchaja teni kwacha, ndimadziwa. Nayi. Sindikufuna kuchoka m'tauni muno ndi ngongole ya munthu wina aliyense. Zatikwana."

Anaziika pathabwa la makinawo, pambali pa singano, nabwerera kukaima pakhomo, manja atapinda, akuyang'ana kumsewu.

Salome anakhala pansi. Anatembenuza siketiyo kunja kukhala mkati, nayeza ndi kachingwe kaja, nalemba ndi choko. Maso ankachita chifunga, moti ulusi anauphonya katatu usanalowe pa singano. Kenako anaponda chopondera, makina anayamba kulira, ndipo Monika anadikira chiimire mpaka anamaliza.